Mwini filimu ndani? Zomwe zikuchedwetsa James Bond watsopano

Aliyense amene anakhalapo pa benchi la vidiyo shoo amalidziwa lamulo ili: mwini filimu safa. Amenyedwe, amangidwe, asiyidwe pakati pa ng'ona, oonera sadandaula chifukwa akudziwa kuti atulukamo. Mu Sepitembala 2021 lamuloli linasweka. Kumapeto kwa No Time to Die, filimu ya nambala 25 ya James Bond, kazitape wa ku Britain wodziwika ndi nambala ya 007, mizinga inagwa pa chilumba chomwe Bond anaimapo ndipo iye sanathawe. Anafa anthu akuona. Koma mayina a ogwira ntchito atatha kuyenda pa sikirini, panatuluka mawu akale aja olonjeza kuti James Bond adzabweranso.

Kuyambira pamenepo nkhani zakhala zikubwera zosokoneza. Ena akuti Amazon yagula Bond, ena akuti banja la eni ake lachoka, ndipo pa Facebook sipatha mwezi osaona chithunzi cha munthu wovala suti chomwe akuti ndiye 007 watsopano. Kuti zimveke, tiyenera kulekanitsa eni filimu awiri. Wina ndi uja timamuona akuthamanga ndi mfuti. Wina ndi amene dzina lake lili pa mapepala a umwini, ndipo mbiri ikuonetsa kuti Bond akasowa nthawi yaitali, vuto limakhala kwa wachiwiriyu.

Umwini wa pa pepala

James Bond anabadwira m'buku. Ian Fleming, Mngelezi amene anagwirapo ntchito ya ukazitape ku gulu lankhondo la pamadzi, anatulutsa buku loyamba, Casino Royale, mu 1953, ndipo anamwalira mu 1964. Ufulu wosandutsa mabukuwo kukhala mafilimu unapita kwa anthu awiri, Albert R. Broccoli ndi Harry Saltzman. Iwo anakhazikitsa makampani awiri. Eon Productions ndi yomwe imajambula, pamene Danjaq ndi yomwe imasunga umwini. Dzina la Danjaq analipanga polumikiza mayina a akazi awo, Dana ndi Jacqueline. Filimu yoyamba, Dr. No, inatuluka mu 1962 ndi ndalama pafupifupi madola 1 miliyoni, zochokera ku kampani ya United Artists.

Apa pali mfundo yomwe imamasula zambiri. Mu 1975 Saltzman, atapanikizika ndi ngongole, anagulitsa theka lake kwa United Artists. Mu 1981 MGM inagula United Artists, ndipo theka lija linalowa m'manja mwa MGM. Kuyambira pamenepo Bond anakhala ndi eni awiri: banja la Broccoli mbali iyi, kampani yaikulu ya ku America mbali inayo. Kampaniyo inkabweretsa ndalama ndi kufalitsa filimu, koma mawu omaliza pa nkhani, pa wosewera ndi pa dayirekitala anali a banjalo.

Tiyerekeze ndi minibasi ya anthu awiri. Wina amathira mafuta ndi kulipira inshuwalansi, koma makiyi amagona kwa mnzakeyo, ndipo ndi iye amene amasankha dalaivala ndi msewu. Ndalama amagawana madzulo. Zimayenda bwino pokhapokha onse ali ndi mphamvu ndiponso akumvana. Wothira mafuta akakomoka, minibasi imaima. Wosunga makiyi akakana, imaimanso.

Zonsezi zinachitikapo. Pakati pa Licence to Kill ya 1989 ndi GoldenEye ya 1995 panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi ingapo popanda filimu, makamaka chifukwa cha milandu ya kukhoti pakati pa Danjaq ndi eni atsopano a MGM pa nkhani ya ufulu woonetsa mafilimuwo pa wailesi za kanema. Timothy Dalton, yemwe amayembekezeka kusewera Bond kachitatu, anachoka mu 1994 asanabwererenso pa kamera. Mu 2010 MGM inagwa ndi ngongole, ntchito yokonza filimu yotsatira inaimitsidwa, ndipo Skyfall inadzatuluka mu 2012, zaka zinayi chitulukireni Quantum of Solace.

Panalinso mlandu wina womwe unavuta kwa zaka 50. Kevin McClory anathandizana ndi Fleming kukonza nkhani ya filimu yomwe Fleming anadzaisandutsa buku la Thunderball. Atapita kukhoti, mu 1963 McClory anapatsidwa ufulu wa filimu pa nkhaniyo. N'chifukwa chake mu 1983 kunatuluka ma Bond awiri opikisana: Roger Moore mu Octopussy ya Eon, ndi Sean Connery mu Never Say Never Again ya kampani ina. N'chifukwa chakenso gulu la zigawenga la SPECTRE ndi mkulu wake Blofeld anasowa m'mafilimu kwa nthawi yaitali, mpaka banja la McClory linagwirizana ndi Danjaq ndi MGM mu 2013. Patangopita zaka ziwiri, filimu ya Spectre inatuluka. Oonera ankaganiza kuti olemba aiwala mdani wakale, pamene anali maloya amene anamutsekera.

Zomwe zinasintha mu Febuluwale 2025

Amazon inalengeza mu Meyi 2021 kuti ikugula MGM pa madola 8.45 biliyoni, ndipo malondawo anatha mu Malichi 2022. Ambiri anamva ngati Amazon yagula Bond yense. Ayi ndithu. Inagula theka lija la MGM, ndiye kuti inalowa m'malo mwa wothira mafuta. Makiyi anali adakali kwa Barbara Broccoli, mwana wamkazi wa Albert, ndi Michael G. Wilson, mwana womupeza wa Albert yemweyo. Awiriwa ndi amene ankatsogolera mafilimuwa kuyambira pa GoldenEye, ndipo bambo awo anamwalira mu 1996.

Zaka zitatu zinadutsa popanda nkhani yolembedwa, popanda dayirekitala, popanda wosewera. Mu Disembala 2024 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti mbali ziwirizi sizikumvana pa tsogolo la Bond. Kenako pa 20 Febuluwale 2025 kunabwera chilengezo: Amazon MGM Studios, Broccoli ndi Wilson apanga kampani imodzi yosunga umwini wa Bond, onse akhalabe eni ake, koma ulamuliro pa kapangidwe ka mafilimu wapita kwa Amazon. Wilson, yemwe anali ndi zaka 83, anati akupuma pa ntchitoyi, ndipo Broccoli anati aika mtima pa ntchito zina.

Ulamuliro umenewu pa Chingerezi amati creative control, ndipo tanthauzo lake ndi losavuta: ndani anena kuti inde kapena ayi. Ndani avomereze nkhani, asankhe wovala suti, anene ngati Bond akhale wa nthabwala kapena waukali, ngati pakhale mapulogalamu a pa TV otengera anthu ena a m'nkhaniyi. Kwa zaka zoposa 60 yankho linali munthu wa banja la Broccoli. Tsopano makiyi asamuka.

Zitatero zinthu zinayamba kuyenda. Mu Malichi 2025 Amazon inatchula mapulodyusa awiri: Amy Pascal, yemwe anatsogolerapo situdiyo ya Sony pa nthawi yomwe inkafalitsa mafilimu a Daniel Craig, Bond uja anafera pa chilumba, ndi David Heyman, amene anapanga mafilimu a Harry Potter. Mu Juni inatchula Denis Villeneuve wa ku Canada, wotchuka ndi mafilimu a Dune, kukhala dayirekitala. Kumapeto kwa Julayi inatchula Steven Knight, mlembi wa Peaky Blinders, kuti alembe nkhani. M'zilengezo zonsezi munalibe dzina la wosewera kapena tsiku lotulutsa filimu.

Okonda Bond anagawikana. Ena amaopa kuti Amazon, yomwe ili ndi Prime Video yoonetsa mafilimu pa intaneti, idzafuna zinthu zambiri za Bond chaka ndi chaka mpaka dzinalo litasukuluka ngati tiyi wothira madzi kawiri. Ena amakumbutsa kuti banjalo linatulutsa mafilimu asanu okha pa zaka 15 za Craig, ndipo amati magazi atsopano amafunika. Mbali zonse zili ndi umboni wake, ndipo filimu isanatuluke palibe angagamule.

Munthu wakufa abwerera bwanji?

Mawu atatu amasokoneza anthu pano. Sequel ndi filimu yopitiriza pomwe ina inathera, ndipo zomwe zinachitika kale zimawerengedwabe. Prequel imabwerera m'mbuyo kukaonetsa zomwe zinachitika nkhani yodziwika isanayambe. Reboot imafufuta bolodi lonse n'kuyambanso ndi munthu wa dzina lomwelo, ngati zakale sizinachitike.

Mafilimu 20 oyambirira, kuchokera 1962 mpaka 2002, sanadzivutitse kwambiri ndi zimenezi. Ankayenda ngati nthano za Kalulu. Usiku uno Kalulu wagwidwa pa chitsime, mawa agogo ayambanso "padangokhala" ndipo Kalulu yemweyo ali bwinobwino akupusitsa Njovu. Palibe mwana amafunsa kuti anapulumuka bwanji kapena ali ndi zaka zingati. Nkhope ya Bond inkasintha, nyengo inkasintha, iye osakalamba. Ulusi wolumikiza unalipo koma wochepa. Mkazi wake Tracy anaphedwa mu filimu ya 1969 pamene Bond anali George Lazenby, ndipo mu 1981 Roger Moore anaoneka akuika maluwa pa manda a Tracy yemweyo.

Casino Royale ya 2006 inali reboot yeniyeni. Inayamba Bond asanapatsidwe n'komwe nambala ya 007. Kuchokera apo mafilimu asanu a Craig anamangirirana ngati mitu ya buku limodzi: imfa ya Vesper, mkazi amene ankamukonda, mu filimu yoyamba inkamupwetekabe mu yachisanu. Nkhani yomangidwa choncho imakhala ndi mathero, ndipo mathero ake anali chilumba chija. Ngakhale apo panali chosokoneza chimodzi. Judi Dench anasewera M, bwana wa Bond, pa nthawi ya Pierce Brosnan, n'kupitirizanso pa nthawi ya Craig, ngakhale kuti nkhani ziwirizi sizigwirizana.

Choncho filimu ya nambala 26 ndi yotsatira pa kawerengedwe kokha. Bond wa Craig anafa ndipo nkhani yake inatsekedwa. Njira yomwe ili poyera ndi kuyambanso, monga zinachitikira mu 2006. Pali ena amati "James Bond" ndi dzina la udindo lomwe akazitape amalowa motsatizana, monga momwe mfumu yatsopano imalowera dzina la malume ake. Ganizoli ndi lokoma koma mafilimu amalitsutsa: Skyfall inaonetsa manda a makolo ake, Andrew Bond ndi Monique Delacroix Bond. Chomwe chimalowedwa ngati ufumu ndi nambala. Mu No Time to Die, Bond atapuma ntchito, 007 anali mayi wotchedwa Nomi, yemwe anaseweredwa ndi Lashana Lynch.

Kusankha wovala suti

Amuna asanu ndi mmodzi asewera Bond m'mafilimu a Eon. Connery wa ku Scotland anasewera asanu ndi limodzi, Lazenby wa ku Australia imodzi yokha, Moore asanu ndi awiri, Dalton awiri, Brosnan wa ku Ireland anayi, Craig asanu.

Chovuta si kupeza munthu wooneka bwino. Msinkhu ndi womwe umayamba kusefa. Amene wasankhidwa amamangidwa kwa zaka khumi kapena kuposerapo, choncho wa zaka 50 lero adzakhala akudumpha pa madenga ali ndi zaka 60. Moore anayamba ali ndi 45 n'kumaliza ali ndi 57, ndipo iye mwini anavomereza pambuyo pake kuti anali atakula. Craig anayamba ali ndi 38. Kachiwiri ndi makontirakiti. Brosnan anasankhidwa kale mu 1986, koma pulogalamu ya pa TV ya Remington Steele yomwe ankasewera inamuitananso pa nthawi yomaliza, mpando n'kupita kwa Dalton. Anadikira mpaka 1994 kuti mwayi ubwerenso. Kachitatu, munthu wotchuka kale kwambiri amadula, ndipo oonera amaona iye m'malo moona Bond.

Pa nthawi ya Eon, ofuna udindowu ankayesedwa pa kamera ndi gawo limodzi la mu From Russia with Love ya 1963, pomwe Bond amalowa m'chipinda chake n'kupeza mkazi wachilendo pa bedi. Gawolo lilibe nkhonya kapena kuthamanga. Limayesa ngati munthu angaoneke woopsa ndi wokopa nthawi imodzi, atangoima.

Mayina omwe amazungulira pa intaneti ambiri amachokera ku makampani a kubetcha ku Britain ndi ku nyuzipepala za mphekesera. Mitengo ya kubetcha imasonyeza komwe anthu akuponya ndalama, osati zomwe zili m'mutu mwa mapulodyusa. Dzina limakhala loona likalengezedwa ndi situdiyo. Ndipo phokoso la tsiku loyamba silinena zambiri: Craig atalengezedwa mu Okutobala 2005 ananyozedwa chifukwa cha tsitsi lake lachikasu, ena mpaka kuyambitsa kampeni yoti anthu asakaonere, koma Skyfall yake inadzapeza madola oposa 1.1 biliyoni, kuposa Bond wina aliyense. Palinso gemu ya pa kompyuta, 007 First Light, ya kampani ya IO Interactive, yomwe ili ndi Bond wachinyamata wake. Imeneyo ndi ntchito ina, yosiyana ndi filimu.

Chifukwa chake siphikidwa msanga

Ngakhale eni atamvana, filimu yotere ili ndi masitepe omwe sungawadumphe. Nkhani imalembedwa kaye, chifukwa ndi yomwe imanena maiko oti apiteko, magalimoto oti agulidwe ndi nyumba zoti zimangidwe ku Pinewood Studios, kufupi ndi London, komwe kuli holo yaikulu yojambuliramo yotchedwa 007 Stage. Kukonzekera kumatenga miyezi yambiri. Kujambula kwenikweni kumatenga pafupifupi theka la chaka: No Time to Die inajambulidwa kuyambira Epulo mpaka Okutobala 2019. Kenako kudula ndi kulumikiza zithunzi, kuika mawu, nyimbo ndi zokonza pa kompyuta.

Sitepe yoyamba ikafulumizidwa zotsatira zake zimaoneka. Quantum of Solace inayamba kujambulidwa nkhani isanapse, chifukwa olemba mafilimu ku America ananyanyala ntchito kuyambira kumapeto kwa 2007, ndipo Craig ananena pambuyo pake kuti iye ndi dayirekitala ankachita kusokerera okha magawo ena. Pa No Time to Die, dayirekitala woyamba Danny Boyle anachoka mu Ogasiti 2018 atasemphana maganizo ndi mapulodyusa, ndipo Cary Fukunaga analowa m'malo. Craig anavulala bondo pojambula Spectre, n'kudzavulalanso kakolo ku Jamaica mu 2019 mpaka kuchitidwa opaleshoni. Filimu itatha, Covid-19 inaikankha kuchoka mu Epulo 2020 kufika mu Sepitembala 2021. Villeneuve naye atasankhidwa anali ndi Dune yachitatu m'manja, yoikidwa kuti ituluke mu Disembala 2026, ndipo dayirekitala sajambula mafilimu awiri aakulu nthawi imodzi.

Mbali yomwe imadya nthawi kwambiri ndi yomwe anthu amaikonda. Bond amadziwika ndi zoopsa zochitidwa ndi anthu enieni. Mu Casino Royale galimoto ya Aston Martin DBS inayenera kugubuduka, koma inali yokhazikika pansi kwambiri moti kachitunda komwe anaika pa msewu sikanaigwetse. Anachita kuikamo chida cha mpweya wopanikizidwa kuseri kwa mpando wa dalaivala, chomwe chimamenya pansi ndi chitsulo n'kuinyamula mbali imodzi. Adam Kirley anaiyendetsa pa liwiro loposa makilomita 110 pa ola, n'kudina batani, ndipo inagubuduka kasanu ndi kawiri, zomwe zinalowa m'buku la Guinness losunga mbiri ya zoposa zonse pa dziko. Ku Morocco, pojambula Spectre, anaphulitsa malita 8,418 a mafuta ndi makilogalamu 33 a zophulika pa chithunzi chimodzi cha masekondi ochepa, chomwe sichikanabwerezedwa mawa lake. Ku Matera, m'dziko la Italy, pojambula No Time to Die, miyala yakale ya m'misewu inali yoterera kwa njinga yamoto, ndipo anathirapo malita oposa 30,000 a Coca-Cola kuti shuga akauma matayala azigwira. Chilichonse mwa izi chimafuna zilolezo, inshuwalansi, kuyeserera kwa milungu ndi magalimoto angapo ofanana oti aphwanyidwe.

Ndalama zake n'zolemera. No Time to Die inadya madola osachepera 250 miliyoni, kupatula zolengezetsa, ndipo inapeza pafupifupi 774 miliyoni m'nyumba zoonetsera mafilimu. Chiwerengero chachiwirichi chimanyenga, chifukwa pafupifupi theka la ndalama za matikiti limatsala kwa eni nyumbazo. N'chifukwa chake wotchi ya Omega, mowa wa Heineken ndi galimoto ya Aston Martin zimaoneka bwino pa kamera: makampaniwa amathandiza ndi katundu ndi kulengeza. Pa ndalama zotere, kulakwitsa wosewera kumatanthauza kulakwitsa mafilimu atatu kapena anayi, ndipo palibe amafuna kuthamanga.

Chaka cha 2035

Pali wotchi ina yomwe ikuyenda mwakachetechete. Ku Britain ndi maiko a European Union umwini wa buku umatha pakadutsa zaka 70 mlembi atamwalira. Fleming anamwalira mu 1964, choncho kuyambira Januwale 2035 mabuku ake adzakhala a aliyense kumeneko. Ku Canada zinachitika kale mu 2015, pamene lamulo lawo linali la zaka 50. Izi sizikutanthauza kuti zonse zidzatseguka. Nyimbo yotchuka ija, chithunzi choyang'ana kudzera mu mpope wa mfuti ndi zonse zomwe zinabadwira m'mafilimu zidzakhalabe ndi eni ake, ndipo chizindikiro cha 007 ndi cha malonda, chomwe sichitha malinga chikugwiritsidwa ntchito. Zili ngati munda womwe mpanda wake wagwa mbali imodzi: anthu angadutse, koma nkhokwe ndi yokiya. Komabe mwini aliyense angafune kuti Bond wake akhale atakhazikika m'maso mwa anthu chakacho chisanafike.

Mafunso omwe adakali poyera

Loyamba ndi la nyengo. Kodi nkhani idzakhala ya masiku ano, a mafoni ndi makamera paliponse, kapena idzabwerera ku zaka za m'ma 1950 ndi 1960 momwe Fleming ankalemba? Mafilimu onse 25 anaikidwa mu nthawi yomwe ankajambulidwa, choncho kubwerera m'mbuyo kungakhale koyamba.

Lachiwiri ndi la kamangidwe. Kodi abwerera ku njira ya nthano, filimu iliyonse payokha, kapena amanganso nkhani imodzi yaitali ngati ya Craig, yomwe imakoma koma imafuna mathero? Nanga Ralph Fiennes, Naomie Harris ndi Ben Whishaw, omwe anasewera M, Moneypenny ndi Q, anthu ogwira ntchito limodzi ndi Bond, angawoloke kulowa m'nkhani yatsopano monga anachitira Judi Dench, iwo atamulira kale Bond pa sikirini?

Palinso funso la mphamvu. Villeneuve amadziwika ndi mafilimu odekha, a zithunzi zazikulu ndi mawu ochepa, pamene Bond amafunanso nthabwala ndi liwiro. Kale dayirekitala ankagwira ntchito pansi pa banja la Broccoli. Tsopano akasemphana ndi situdiyo, mawu omaliza adzakhala a yani? Ndipo filimu idzakhala nthawi yaitali bwanji m'nyumba zoonetsera isanafike pa Prime Video? Kwa oonera a kuno, komwe nyumba zoterezi n'zochepa, yankho la funso limeneli ndi lomwe lidzanene tsiku lomwe ambiri adzaione.

Lotsala ndi la kalendala. Mpata wa pakati pa 1989 ndi 1995 ndi womwe wakhala wautali kuposa yonse. Filimu ya nambala 26 ikadzapitirira miyezi yoyambirira ya 2028 isanatuluke, mpata uno ndi womwe udzatenge malowo.